Tikadzapita, buku lathu lidzawerengedwa ndi ndani?

Mawu amene komiti yoona za malamulo a magulu inalankhula pa mwambo wokumbukira kubadwa kwa mgwirizano wathu

Takuonani a ku Chipata ndi Lusaka, a ku Tete, a ku Harare, a ku Johannesburg, ndi eni khomo a kuno ku Malawi. Ena mumati banki m'khonde, ena chilimba, ena mukando, ena xitique, ena stokvel, koma bokosi ndi limodzimodzi, ndipo msungichuma sagona tulo kulikonse.

Lero ndi tsiku la nthungululu, ndipo tikudziwa kuti nkhani ya imfa siyenerana ndi zitenje zatsopano zimene tavalazi. Tipepese. Takhala tikuizengereza nkhaniyi pa msonkhano uliwonse, mpaka inatipeza yokha.

Ambiri mukukumbukira mnzathu amene anatisiya ali pa ulendo wa geni ku Johannesburg. Dzina sititchula, ana ake alipo. Maliro tinayendetsa bwino: thumba la mavuto linagwira ntchito yake, thupi linabwera kumudzi, tinaphika, tinalira, tinaika. Patapita milungu itatu, pakhomo pa msungichuma panafika anthu atatu, aliyense pa tsiku lake. Woyamba anali bambo amene anakwatirana naye kumudzi kalekale, amene anali atasiyana osasudzulana. Wachiwiri anali mchimwene wake, mwini mbumba, amene akulera ana. Wachitatu anaimba foni kuchokera ku South Africa, bambo amene ankakhala naye zaka zomalizira. Onse ankafuna masheya a malemu, ndipo aliyense anali ndi mfundo yomveka. Ife tinali ndi buku lolembamo ngongole ndi chiwongoladzanja mpaka tambala yomaliza, koma m'bukumo munalibe mzere ngakhale umodzi wonena kuti mwini masheya akadzamwalira tidzapereke kwa yani. Ndalamazo zinakhala m'bokosi chaka chathunthu, ndipo mwana wamkulu anakhala pakhomo teremu yonse chifukwa cha fizi, ndalama za mayi ake zili m'manja mwathu. Manyazi amenewo ndi athu tonse a komiti.

Kuchokera pamenepo tinayamba kufunsa kwa odziwa malamulo m'maiko onse amene tili ndi magulu. Zimene tinapeza n'zimene tabwera nazo.

Choyamba chimene chinatidzidzimutsa ndi chakuti chuma chimawoloka malire mosavuta kuposa lamulo. Katoni ya katundu imachoka ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Zóbuè mpaka Mwanza m'masiku awiri kapena atatu. Koma lamulo la chuma cha masiye limathera pa chipata. Nyumba ndi malo zimaweruzidwa ndi lamulo la dziko limene zili. Ndalama ndi katundu wonyamulika, m'maiko athu olankhula Chingerezi, nthawi zambiri zimatsata lamulo la dziko limene malemu anakhazikika ngati kwawo. Ndiye mayi mmodzi wa ife, wokhala ndi nyumba ku Lilongwe, akaunti ku Johannesburg ndi kashopu ku Chipata, akhoza kusiya chuma chogawidwa ndi malamulo oposa limodzi, m'maofesi osiyana osadziwana. Kalata yokupatsani mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu imene mwatenga m'dziko lina simungangofika nayo ku banki ya dziko lina n'kuyamba kutapa. Iyenera kuvomerezedwanso kumeneko.

Tiyambe ndi kuno. Ku Malawi lamulo logwira ntchito ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la chaka cha 2011, limene linalowa m'malo mwa la 1967. Lakale lija linkapereka gawo lalikulu la chuma kwa achibale olowa m'malo mwa mwambo, ndipo ambiri a ife tinakula tikuona amalume akubwera ndi lole mwambo wa maliro usanathe. La tsopanoli likuti munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, kenaka amene ankadalira malemuyo. Silidula magawo ndi mpeni. Limauza wogawa kuti ayambe wateteza anthuwa ku umphawi, kuti wamasiye asunge ziwiya ndi katundu wa m'nyumba mwake, kenaka agawe zotsalazo mwachilungamo. Ubwino wake ndi wakuti limayang'ana banja monga liliri. Kuipa kwake ndi kwakuti mawu oti chilungamo aliyense amawamva mwake, ndipo mkangano umatha kukhala pa ofesi ya DC kapena ya Administrator General kwa nthawi yaitali. Chimodzi chokha chilibe mkangano: kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Tikauze alamu athu mwaulemu, koma tikawauze.

Mukawoloka pa Mchinji kulowa Mwami, nkhani isintha. Ku Zambia, Intestate Succession Act ya 1989 inadula magawo poyera. Pa K100 iliyonse ya malemu amene sanasiye wilo, K20 ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala, K50 ya ana, K20 ya makolo a malemu, K10 ya ena amene ankamudalira. Anzathu a ku Chipata amawadziwa manambalawa pamtima ngati mtengo wa chitenje. Ngati panali mitala, akazi onse amagawana K20 yomweyo, poyang'ana zaka zimene aliyense anakhala pa banja ndi zimene anathandiza pa chumacho. Tangoganizani: mayi amene wayenda ulendo wa Nakonde zaka makumi awiri, phindu lonse n'kumalemba m'dzina la bambo chifukwa cha ulemu, tsiku lomaliza alandira gawo lofanana ndi la apongozi ake. Pa nyumba, wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse limodzi ndi ana, koma ufuluwo umatha tsiku limene wakwatiwanso. Ndipo lamuloli silikhudza malo a kumudzi a pansi pa mafumu. Amenewo amatsata mwambo. Ife a komiti timalikonda lamulo la ku Zambia pa chinthu chimodzi, loti munthu amadziwiratu chake. Koma gawo la wamasiye likuchepa, ndipo sitichita manyazi kunena choncho pamaso pa alendo athu.

Ku Zimbabwe anzathu anadutsa m'minga. Mu 1999 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula mlandu wa Magaya, pamene mayi Venia Magaya, mwana woyamba wa malemu, analandidwa udindo wolowa chuma cha bambo ake n'kupatsidwa mchimwene wake wamng'ono wa kwa mayi ena, chifukwa choti iye ndi mkazi. Bambo awo anamwalira lamulo latsopano la 1997 lisanayambe kugwira ntchito. Lamulo limenelo ndi limene linakonza zinthu: pa ukwati wa mwambo, wamasiye amatenga nyumba imene ankakhalamo ndi katundu wa m'nyumbamo, ndipo ana aakazi ndi aamuna amawerengedwa mofanana. Koma mu 2020, pa mlandu wa Chigwada, khoti lomwelo linanena kuti munthu wa pa banja akhoza kulemba wilo yopereka gawo lake la chuma kwa wina aliyense, ngakhale kusiya mkazi wake kunja. Choncho a ku Harare, musadalire mphete. Dzina lanu lioneke pa pepala la nyumba.

Tikhalitse pang'ono pa South Africa, chifukwa kumeneko ndi kumene ambiri a ife tili ndi maakaunti, ndipo ndi kumene timanamizana kwambiri m'basi. Zoona zake ndi izi. Imfa ya munthu wosiya chuma imakanenedwa ku ofesi ya Master of the High Court pasanathe masiku 14. Chuma chikakhala chosapitirira R250,000, njira yake ndi yaifupi: Master amapereka kalata kwa munthu mmodzi woti ayendetse zonse. Popanda wilo, Intestate Succession Act ya 1987 imati wamasiye alandire R250,000 kapena gawo lofanana ndi la mwana mmodzi, kutengera chimene chakula, ndipo zotsalazo ndi za ana. Mwambo woti mwana wamwamuna woyamba atenge zonse unathetsedwa mu 2004 ndi khoti loona za malamulo aakulu a dziko pa mlandu wa Bhe. Mlanduwo unali wa atsikana awiri a ku Khayelitsha, amene agogo awo aamuna anapatsidwa malo a bambo awo ndipo ankafuna kuwagulitsa kuti alipire ngongole za maliro.

Chimene chimakoma m'makutu ndi chakuti kumeneko anthu akakwatirana osalemba pangano lina, chuma chonse ndi ngongole zonse zimakhala za onse awiri, theka ndi theka. Tiyerekeze banja lili ndi chuma cha R600,000 ngongole zitachotsedwa, ana atatu, ndipo bambo amwalira opanda wilo. R300,000 ndi ya mayi kale, si ya masiye. Pa R300,000 yotsalayo mayi atenga R250,000, ana atatu agawana R50,000. Tikamva zimenezi timaomba m'manja. Koma dikirani. Makhoti a ku South Africa amayang'ana lamulo la dziko limene mwamuna anali atakhazikika pa tsiku la ukwati. Ngati munamanga banja ku Mangochi kapena ku Petauke bambo akukhala konko, n'kusamukira ku Johannesburg pambuyo pake, chuma cha banja lanu chimayendabe ndi lamulo la kwanu, ndipo ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe ukwati pawokha suphatikiza chuma theka ndi theka. Tamva amayi ambiri akulimbitsana mtima ndi theka limene alibe.

Ndiye pali nkhani ya penshoni. Ku South Africa ndalama za penshoni za womwalira sizilowa mu wilo. Matrasiti a thumbalo amafufuza okha onse amene ankadalira malemu, ndipo dzina limene munalemba pa fomu ndi chowaunikira chabe. Mwana wa kumudzi amene dzina lake silikudziwika kwa abwana akhoza kutsala, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa palibe anawauza kuti aliko.

Anzathu a ku Tete ali m'nyumba ina kotheratu. Malamulo a Malawi ndi Zambia anachokera ku England. A South Africa ndi Zimbabwe ali ndi mizu ya Chiroma ndi Chidatchi yosakanikirana ndi ya Chingerezi. A Mozambique anachokera ku Portugal. Kusiyana kwake kwakukulu ndi uku: m'maiko anayi aja munthu ali ndi ufulu waukulu wopereka chuma chake kwa amene wafuna, ndipo amene wasiyidwa kunja, ngati ndi wamasiye kapena mwana, ayenera kukapempha yekha kuti aganiziridwe. Ku Mozambique lamulo limasungiratu gawo la a m'banja apafupi, lotchedwa legítima, limene wilo singalikhudze. Mukwiye bwanji ndi mwana wanu, simungamuchotse ndi cholembera chabe. Lamulo latsopano la 2019 linakweza wamasiye kuti aziima mzere umodzi ndi ana, pamene kale ankabwera kumbuyo kwa makolo ndi abale a malemu, ndipo linaganiziranso amene ankakhala limodzi ngati banja osapita ku ofesi. Malo kumeneko ndi a boma. Chimene munthu amasiyira ana ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene amautcha DUAT. Wilo nayo imadutsa kwa notário, osati kungoitana anansi awiri.

Mawu oti mkazi wa malemu nawonso amasintha pa malire. Ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuzindikira ngati banja anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Ku South Africa ukwati wa mwambo ndi wovomerezeka pansi pa lamulo la 1998, koma wopanda pepala amavutika kupereka umboni, makamaka ankhoswe ali kutali ndi ena atamwalira. Ana athu amene ali ku England adziwe kuti kumeneko amene mumangokhala naye osakwatirana salandira gawo pa lamulo la ofa opanda wilo, ndiponso kuti kukwatiwa kumafafaniza wilo imene munalemba kale.

Tsopano trust, imene ambiri mwatifunsa. Mawuwa afala, ndipo pa WhatsApp pakuyenda anthu oigulitsa ngati mankhwala ochiza matenda onse. Ganizo lake ife Achewa si lachilendo kwa ife. Munthu amapereka ng'ombe zake kwa mnzake wokhulupirika kuti aziweta, osati zikhale zake, koma kuti ana akadzakula adzazilandire. Trust ndi chimodzimodzi, kungoti yalembedwa ndipo khoti likhoza kumufunsa wowetayo. Pali wopereka chuma, pali matrasiti ochisunga ndi kuchiyendetsa, pali odyerera. Chumacho sichikhalanso cha woperekayo, komanso matrasiti sangachidye, ndipo amene matrasitiwo ali nawo ngongole zawozawo sangachigwire.

Njirayi inabadwira m'makhoti a ku England, n'chifukwa chake ku Malawi ndi ku Zambia ndi yodziwika. Mipingo ndi mabungwe ambiri kuno analembetsedwa kudzera mwa matrasiti. Ku South Africa ili ndi lamulo lakelake, Trust Property Control Act ya 1988, ndipo trasiti sangagwire kalikonse Master asanamupatse kalata. Ku Mozambique, malamulo a Chipwitikizi sanakule ndi ganizo limeneli, ndiye pepala la trust lolembedwa ku Blantyre musaliyembekezere kuti ligwire nyumba ya ku Tete monga mukuganizira.

Maganizo athu ndi awa, ndipo ena mukhoza kutsutsa. Trust yoikhazikitsa muli moyo si ya ambiri a ife. Imafuna loya, akaunti yakeyake, mabuku chaka ndi chaka, ndipo ku South Africa phindu lotsala mu trust limadulidwa msonkho wa 45 peresenti. Amene amaigulitsa amati imapulumutsa ku msonkho wa chuma cha masiye, koma msonkho umenewo kumeneko umayamba chuma chikapitirira R3.5 miliyoni. Amene mwafika pamenepo tikuyamikireni, ndipo mukatipeze panja mutiuze kumene mumapikula. Enafe tingawononge ndalama kutchingira mvula imene sigwa pa denga lathu.

Koma pali trust ina yotsika mtengo imene tikufuna mayi aliyense wa ana aang'ono aiganizire: yolembedwa m'kati mwa wilo momwemo, imene imayamba kugwira ntchito mwini atamwalira. Mumalemba kuti nyumba ya lendi ndi masheya anga zisungidwe ndi uje ndi uje, ndalama zake zilipire sukulu ndi chipatala cha ana anga, ndipo mwana aliyense adzalandire gawo lake akadzafika zaka zakutizakuti. Popanda zimenezi, ku South Africa ndalama za mwana wosakwana zaka 18 zimapita ku Guardian's Fund ya boma, kumene zimasungika ndithu, koma wolera ana ali ku Ntcheu ayenera kulemba mafomu ndi kutumiza zikalata nthawi iliyonse imene akufuna fizi. Kuno kwathu zimagwera m'manja mwa wachibale amene wafulumira. Posankha matrasiti musayang'ane amene amalira kwambiri pa maliro. Sankhani awiri, wina wa kuchimuna kapena kuchikazi, wina wakunja wodziwa kulemba mabuku, monga timachitira ndi makiyi a bokosi: palibe amene amatsegula yekha.

Tikudziwa chimene chili m'mitima ya ena: kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Amayi, mnzathu uja sanalembe, ndipo imfa sinamudikire. Wilo si ya anthu a mageti okha. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa mutu wake ndi umodzi: ilembedwe, musayine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisayine. Mbonizo zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu mu wiloyo kapena akazi ndi amuna awo, chifukwa mukhoza kuwatayitsa gawo lawo. Ngati muli ndi nyumba kapena akaunti yaikulu m'maiko awiri, nzeru ndi kulemba wilo ziwiri, iliyonse yonena poyera kuti ikukhudza chuma cha dziko lakutilakuti chokha. Apa pali msampha: wilo zambiri zimayamba ndi mawu ofafaniza zonse zimene zinalembedwa kale. Mukalemba ya ku Lilongwe chaka chino, ya ku Johannesburg chaka chamawa, osamuuza loya wachiwiriyo za yoyamba ija, mwaipha yoyambayo ndi dzanja lanu. Ndipo wilo yobisidwa pansi pa matiresi, yodziwa inu nokha, imapezedwa ndi amene wayamba kusesa m'chipindamo. Isungitseni kwa loya, ku banki kapena ku khoti, ndipo anthu awiri adziwe kumene ili.

Pali china chimene wilo siingathe. Ambiri a ife chuma chathu chili m'foni ndi m'mutu: ndalama za pa Airtel Money, Mpamba, EcoCash kapena M-Pesa, katundu amene tinasiya kwa mnzathu wa shopu, ngongole zimene anthu atitenga pa chikhulupiriro. Lembani m'kope zonsezi, dziko ndi dziko, ndi ngongole zanu zomwe, osabisa. Nambala yachinsinsi musalembemo. Makampani ali ndi njira yawo yoperekera ndalama za womwalira kwa amene wabwera ndi zikalata zoyenera. Chofunika n'chakuti otsala adziwe khomo loti agogode.

Ife ngati mgwirizano tagwirizana zoti tikonze m'nyumba mwathu. Kuyambira ulendo ukubwerawu wogula masheya, membala aliyense adzalemba fomu yotchula munthu woti gulu lidzalankhule naye iye akadzamwalira, wachiwiri wake ngati woyambayo palibe, ndi mayina a ana onse, a kuno ndi a kunja. Tinene mosabisa kuti fomuyi siposa lamulo la dziko. Masheya anu ndi gawo la chuma chanu cha masiye, ndipo amene mwamutchulayo akulandira m'malo mwa oyenera kulandira, osati kuti adye yekha. N'chifukwa chake zimene mwalemba pa fomu zifanane ndi zimene zili mu wilo. Ngongole ya malemu ku gulu idzayamba yachotsedwa pa masheya ake, zotsalazo zidzaperekedwa pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri za banja, ndipo pakabuka mkangano gulu silidzaweruza; lidzasunga ndalamazo ku akaunti mpaka atabwera ndi kalata ya ofesi yoyenera ya dziko limenelo. Pa nthawi yodikirayo, fizi ya ana a malemu idzalipiridwa molunjika ku sukulu kuchokera ku thumba la mavuto, n'kudzabwezedwa pogawa.

Mafomu ali pa tebulo la mlembi pafupi ndi khomo, m'Chichewa, Chingerezi, Chishona ndi Chipwitikizi. Atsogoleri a magulu mutenge okwanira anthu anu musanakwere basi. Amene simutha kulemba, mlembi wa gulu lina, osati lanu, adzakulemberani pambali, kuti za m'nyumba mwanu zisamveke pa msika. A komiti tayamba ndife; athu tasayina m'mawa uno pamaso pa amayi apampando.